Miyendo ikakokana pachitunda: mafunso a opalasa njinga mu Lilongwe

Ambiri opalasa njinga zamagiya mu Lilongwe amapeza zovala, nsapato ndi mabotolo pa kaunjika wa mu msika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kenako Loweruka n'kulunjika ku Bunda, ku Nkhoma, ku Dzalanyama kapena ku Dedza. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo, mafunso awo amakhala awa.

Kodi chimachititsa n'chiyani kuti katumba kapena ntchafu zikokane pakati pa ulendo?

Kwenikweni ndi kutopa. Mnofu ukagwira ntchito yoposa imene unazolowera, mitsempha youlamula imasokonezeka, ndipo mnofuwo umakungika osafunanso kumasuka. Zitunda za ku City Centre, ku Area 10 ndi ku Area 43 n'zazifupi. Munthu wozolowera makilomita 20 kumeneko akangodzuka n'kuti lero ndikafike ku Dedza, wasenza mtolo wina: makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, kuchoka pamalo okwera mamita 1,050 kukafika pa 1,600. Miyendo ikayamba kudandaula atadutsa pa Nathenje, sizodabwitsa. Kutentha ndi kutaya madzi kumangofulumizitsa vutolo.

Ndiye kuti mchere si mankhwala ake?

Umathandiza ena, makamaka amene malaya awo amayera mchere thukuta likauma. Koma mchere sungalowe m'malo mwa kuzolowetsa thupi. Wonjezerani mtunda pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo muzikwera zitunda zenizeni, monga za njira ya ku Nkhoma mukapatuka pa Kamphata.

Zandigwira ndili pachitunda. Nditani?

Musalimbane nazo. Ikani giya yopepuka. Zikapitirira, imani pamthunzi n'kutsika. Ngati ndi katumba, wongolani bondo, chidendene chikhale pansi, zala za phazi muzikokere chakumwamba. Ngati ndi ntchafu yakutsogolo, gwirani njinga kapena mtengo ndi dzanja limodzi, linalo likokere phazi kumatako. Ngati ndi ntchafu yakumbuyo, ikani chidendene pamwala, mwendo uli wowongoka, muwerame pang'ono. Gwirani choncho kwa theka la mphindi, osagwedeza, ndipo mubwereze mpaka mnofu ufewe. Imwani, idyani kanthu, ndipo mukanyamuka mupalase mofatsa, chifukwa mnofu umene wakokana kamodzi suchedwa kukokananso tsiku lomwelo.

Kutsika n'kumakankha njinga si manyazi?

Ayi. Anthu obwera ndi matumba a makala kapena nkhuni kuchokera cha ku Dzalanyama amakankha pachitunda chilichonse chovuta, ndipo palibe wa ife amene angawaphunzitse kupalasa. Muwaonetsetse: sathamangira chitunda, amapuma pamthunzi, ndipo mtunda wambiri amaudula dzuwa lisanakwere. Ine ndimaona kuti achinyamata ambiri amadzipweteka ndi giya yolemera, poopa kuti anzawo awaseka akamapalasa mopepuka. Giya yolemera pachitunda chachitali ndiyo imapha ntchafu. Magiya munawagulira ntchito yomweyo, agwiritseni.

Ndinyamuke nthawi yanji?

M'mamawa, kukangoyera. Pofika 10 koloko mukhale mutamaliza zitunda zazikulu, chifukwa masana a Okutobala mu Lilongwe amatha kupitirira madigiri 30, ndipo phula limatentha koposa apo. Thupi limazolowera kutentha m'masiku 7 mpaka 14 ngati mukupalasa pang'ono tsiku ndi tsiku. Musanyengedwe ndi kamphepo ka ku Dedza: pobwerera mukutsikira kotentha, muli otopa kale.

Madzi ndimwe ochuluka bwanji?

Kukatentha, wopalasa mwamphamvu amatha kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola, ena kuposa. Ambiri amakwanitsa kumwa pakati pa theka la lita ndi lita pa ola, pang'onopang'ono, osati kugugudiza botolo lonse nthawi imodzi. Njira yodziwira zanu ndi sikelo: dziyezeni ponyamuka ndi pobwera. Kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Mkodzo nawo umanena: ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, mwatsalira.

Koma madzi okhaokha ochuluka kwambiri, pa ulendo wa maola ambiri, amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezo n'zoopsa. N'chifukwa chake botolo limodzi likhale la madzi, lina la Thanzi ORS. Mukasowa Thanzi, sakanizani lita imodzi ya madzi abwino, timasupuni ta tiyi 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, tonse tosasefukira. Potunga m'njira, funani mjigo, osati madzi a padambo.

Nanga chakudya?

Musanyamuke ndi njala: phala kapena mbatata ndi tiyi zikwanira. M'njira, ola lililonse idyani kanthu kochepa: nthochi, chitumbuwa, mtedza wothira mchere. Thobwa ndi labwino, lili ndi madzi ndi mphamvu zomwe. Mowa wa dzulo lake umakulipiritsani pachitunda choyamba.

Pa Tsoka ndigule chiyani?

Apa ndi pofunika kudekha. Povundukula mulu wa malaya amasewero, sankhani owala, opepuka, a nsalu ija youma msanga. Muiyang'anitse kudzuwa, muone ngati ili ndi timabowo topitisa mphepo. Malaya akuda ndi a thonje lokhuthala asiyeni, ngakhale wogulitsa akuti "bwana, iyi ndi yoyamba kutuluka m'belo". Okhala ndi zipi yaitali kutsogolo ndi matumba kumsana ndi chuma, chifukwa nthochi ndi paketi ya Thanzi zimalowa mmenemo. Nsapato zikhale zolimba kupansi ndi zosathina, poti phazi limatupa kukatentha. Botolo mulinunkhize, mulifinye kuona ngati silikudontha, ndipo mukalitsuke bwino musanamwere. Chipewa chodzitetezera kumutu chokha ndicho ndimakayikira kugula pa kaunjika: chimene chinamenyekapo kale chimatha kuoneka chabwino kunja koma mkati chitasweka. Mukapeza mng'alu ngakhale waung'ono, chisiyeni.

Mukatero pitani kwa wokonza njinga akuonereni chishalo. Chikatsika kwambiri chimatopetsa ntchafu. Chikakwera kwambiri chimakoka akatumba. Pedulo ikakhala pansi penipeni, bondo lizipindika pang'ono chabe.

Ndingamwe Brufen kuti ululu uleke?

Musatero muli paulendo. Mankhwala a mtundu umenewo, pamodzi ndi diclofenac, amatha kuvulaza impso thupi likakhala lopanda madzi okwanira, komanso saletsa kukokana.

Ndi liti pamene nkhaniyi yasiya kukhala ya minofu chabe?

Mutu ukayamba kupweteka, chizungulire, mseru, kufooka kosaneneka: lekani ulendo, khalani pamthunzi, masulani zovala, dzithireni madzi, imwani pang'onopang'ono. Koma mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa, kukomoka kapena kugwa khunyu, thupi lake latentha mopitirira, mwina kudutsa madigiri 40, ndipo akhoza kufa. Musadikire kuti thukuta lisiye kutuluka, ambiri limatulukabe. Muziziritseni pomwepo: mumuthire madzi ambiri thupi lonse, mumukupize, muike nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, kwinaku wina akuimitsa galimoto. Amene wakomoka musamumwetse. Dziwiranitu chipatala cha njira yanu: Mitundu ngati muli cha ku Bunda, chipatala cha Nkhoma, chipatala cha boma cha Dedza, kapena Kamuzu Central mukakhala pafupi ndi tauni. N'chifukwa chake ulendo wa kumapiri m'nyengo yotentha si woyenda nokha.

Ndafika kunyumba, koma thupi silikubwerera. Ndidikire?

Ululu wa minofu wa tsiku limodzi kapena awiri ndi wachizolowezi. Koma mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu itatupa ndi kupweteka kwambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa impso zili pachiswe. Thupi likatentha usiku kapena mawa lake, musangoti ndi dzuwa la dzulo, kayezetseni malungo. Ndipo ngati muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena othamanga magazi, kambiranani ndi adokotala musanayambe maulendo aatali, chifukwa mankhwala ena a matendawa amachotsa madzi ndi mchere m'thupi.