Osamalira Osewera: Mafunso ndi Mayankho pa Maphunziro ndi Ntchito ya Athletic Trainer

Achinyamata ambiri okonda masewero, poona kuti miyendo yawo siingawafikitse pa ulemerero wa akatswiri, amayesa kuti khomo la bwalo lawatsekekera. Koma m'mphepete mwa bwalo lomwelo muli ntchito ina yolemekezeka, imene anthu saiombera m'manja kawirikawiri, chonsecho moyo wa wosewera umatsamira pa iyo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene ophunzira ndi makolo angafunse pofuna kuidziwa.

Funso: Kodi munthu uja amathamangira m'bwalo ndi chikwama wosewera akagwa ndani, ndipo ntchito yake n'chiyani?

Yankho: Ku United States, kumene ntchito imeneyi inabadwira ndi kukhwimira, munthu wotere amatchedwa athletic trainer. Iye si mphunzitsi wa timu, pakuti saphunzitsa kumwetsa zigoli kapena kutchinga kumbuyo. Ndi munthu wa zachipatala, wogwira ntchito mogwirizana ndi dokotala, amene udindo wake ndi kupewa kuvulala kusanachitike, kuzindikira chimene chavulala, kupereka chithandizo chofulumira pomwepo, ndi kuyenda naye wovulalayo masiku onse a kuchira kufikira atabwerera m'bwalo. Kale ntchitoyi inali ya amuna odziwa kusisita minofu ndi kumanga mabandeji, ophunzira poonera akulu awo. Koma m'chaka cha 1950 anthu a ntchitoyi anasonkhana mumzinda wa Kansas City nakhazikitsa bungwe lawo la National Athletic Trainers' Association, ndipo pofika 1990 bungwe la madokotala la American Medical Association linavomereza kuti ntchito yawo ndi imodzi mwa ntchito zaumoyo.

Funso: Nanga wofuna ntchitoyi amaphunzira chiyani, ndipo kwa zaka zingati?

Yankho: Njira yake yatalika m'zaka zaposachedwapa. Kufikira 2022 munthu ankatha kulowa ntchitoyi ndi digiri yoyamba yokha. Koma bungwe loona za maphunzirowa, lotchedwa CAATE, linalamula kuti kuyambira pamenepo sukulu zaukachenjede zileke kulandira ophunzira pa mlingo umenewo, kotero kuti lero wophunzira amayamba watsiriza digiri yoyamba ya zaka zinayi, imene muli maphunziro a zamoyo, kemisitiri, fizikisi, kaganizidwe ka munthu, kapangidwe ka thupi ndi kagwiridwe kake ka ntchito, ndipo pambuyo pake amawonjezera zaka ziwiri za digiri yachiwiri. Sukulu zina zimalumikiza madigiri awiriwa kuti athe m'zaka zisanu.

M'zaka ziwiri zomalizazo wophunzira sakhala m'kalasi mokha. Amaphunzira kuyesa bondo ndi manja ake kuti adziwe ngati mtsempha wa m'kati wogwira mafupa waduka, kusiyanitsa kakolo wobinya ndi wothyoka, kunyamula munthu wovulala khosi popanda kugwedeza msana, kudziwa mankhwala ndi zakudya zoyenera othamanga, ndi kukonza ndondomeko ya mafizo yobwezeretsa mphamvu m'chiwalo chopwetekedwa. Ndipo zonsezi amazichita pa anthu enieni, m'matimu ndi m'zipatala, pamaso pa akuluakulu omuyang'anira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dzanja silidziwa mfundo yotupa powerenga buku lokha. Akatsiriza amalemba mayeso a bungwe la Board of Certification, ndipo wokhoza amalemba zilembo za ATC pambuyo pa dzina lake, natenga chiphaso cha chigawo chimene adzagwiremo ntchito. Ngakhale pamenepo sanamasuke, chifukwa zaka ziwiri zilizonse ayenera kuonetsa kuti wapitiriza kuphunzira ndi kuti luso lake lotsitsimutsa mtima silinazilale.

Funso: Kodi zaka zonsezi si zochuluka kwa munthu amene nthawi zambiri amangomanga mabandeji ndi kugawa madzi?

Yankho: Wofunsa chotere waona masiku a mtendere, sanaone tsiku la tsoka; ndipo tsoka silinunkha. Pa 2 Januwale 2023, mumzinda wa Cincinnati, mnyamata wa zaka 24 wosewera mpira wa Chimereka m'timu ya Buffalo Bills, dzina lake Damar Hamlin, anagundidwa pachifuwa pogwira mnzake, nadzuka, nagwanso chagada mtima utaleka kugunda bwino, khamu la anthu likuona pabwalo ndi pa wailesi yakanema. Mmodzi mwa oyamba kumufikira anali Denny Kellington, athletic trainer wothandizira wa timuyo, amene anayamba kumupsinja pachifuwa kuti magazi asaleke kupita ku ubongo, kufikira makina odzidzimutsa mtima atagwira ntchito yake. Hamlin anachira, ndipo chaka chomwecho anabwereranso m'bwalo. Chimene chinamupulumutsa sichinali changu cha mwadzidzidzi, koma ndondomeko yokonzedweratu ndi kuyesereredwa kambirimbiri, imene inanena yemwe adzagwire mutu, yemwe adzavule chisoti, yemwe adzatenge makina, ndi chipata chimene ambulansi idzalowere. Pakuti mtima ukaima, mphindi iliyonse yotayika imachepetsa kwambiri mwayi wa moyo, ndipo ubongo wosowa mpweya umayamba kuwonongeka m'mphindi zowerengeka.

Mdani wina ndi kutentha. Korey Stringer, chiphona cha timu ya Minnesota Vikings, anamwalira pa 1 Ogasiti 2001 ali ndi zaka 27, thupi lake litatentha mopyola muyeso pa zokonzekera za timu. Ndipo m'chikumbutso chake munakhazikitsidwa mu 2010, pa University of Connecticut, malo ofufuza za imfa zadzidzidzi m'masewero otchedwa Korey Stringer Institute. Chiphunzitso chimene ophunzira amalandira tsopano n'chakuti munthu amene kutentha kwa m'kati mwa thupi lake kwapitirira madigiri 40 ndipo wayamba kusokonezeka mutu, amizidwe m'madzi ozizira a ayisi pomwepo, asanamutengere kuchipatala, kuti kutenthako kutsike mphindi 30 zisanathe. Ife a mu Africa sitili alendo pa chisoni chotere, pakuti ambiri akukumbukira Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, amene anagwa pakati pa bwalo ku Lyon pa 26 Juni 2003 posewera ndi Colombia, natsikira kulichete tsiku lomwelo chifukwa cha nthenda ya mtima.

Funso: Kodi chovuta koposa pa ntchitoyi n'chiyani?

Yankho: Ndikuyesa kuti si magazi kapena fupa lotulukira kunja, pakuti zimenezo maso amazolowera, chovuta ndi kunena kuti iyayi. Wosewera akagunda mutu ubongo ukagwedezeka, kunja sikuoneka bala, iye mwini amalumbira kuti ali bwino, mphunzitsi amayang'ana wotchi, makolo ali m'khamu akufuna kuona mwana wawo akuwina, ndipo munthu yekhayo amene ayenera kuima pakati pa mwanayo ndi bwalo ndi wosamalira uja, amene mwina malipiro ake amachokera m'thumba lomwelo la timu. Mu 2006 mnyamata wa zaka 13 wa m'chigawo cha Washington, Zackery Lystedt, anamenyetsa mutu pansi posewera, nabwezedwa m'masewero omwewo, nakomoka pamapeto pake magazi atakha mu ubongo. Anapulumuka, koma ndi kulumala kwa moyo wake wonse. Chifukwa cha iye, mu 2009 chigawocho chinapanga lamulo lakuti mwana woganiziridwa kuti wagwedezeka ubongo atulutsidwe m'bwalo, ndipo asabwerere popanda kalata ya munthu wa zachipatala wodziwa za vutoli. Pofika 2014 zigawo zonse za United States zinali ndi malamulo ofanana nalo. Nalonso bungwe la masewero a m'sukulu zaukachenjede la NCAA linakhazikitsa mfundo yakuti chigamulo cha dokotala wa timu ndi cha athletic trainer pa thanzi la wosewera chisatsutsidwe ndi mphunzitsi.

Koma lamulo lolembedwa silipatsa munthu mtima wolimba. Wogwira ntchitoyi amene atumikira ambuye awiri, chigonjetso cha timu ndi moyo wa mwana, adzapereka mmodzi wa iwo tsiku lina. Ndipo ndikadakhala wosankha ophunzira, ndikadafunsa poyamba ngati munthuyo angathe kudedwa ndi bwalo lonse kwa madzulo amodzi, podziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Funso: Wotsiriza maphunzirowa angapeze ntchito kuti?

Yankho: Ambiri amalota za matimu otchuka a NFL kapena NBA, koma mipando ya kumeneko ndi yochepa ndipo amaipeza anthu amene atumikira zaka zambiri pansi. Unyinji umagwira ntchito m'sukulu za sekondale, m'sukulu zaukachenjede, ndi m'zipatala za mafupa, kumene amathandiza dokotala kuyesa odwala, kuika zomangira ndi kuphunzitsa mafizo. Sukulu za sekondale ndizo zili ndi njala yaikulu, pakuti zambiri, makamaka za kumidzi ndi za m'madera osauka, zilibe wosamalira wokhazikika ngakhale ana ake amagundana tsiku ndi tsiku. Enanso amalembedwa ndi asilikali, apolisi ndi ozimitsa moto. Ena amasamalira ovina ndi ochita masewero a m'malere monga a Cirque du Soleil. Ndipo ena ali m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu, kumene wonyamula mabokosi tsiku lonse amapweteka msana ndi phewa monga momwe wothamanga amapwetekera. Palinso amene amapitiriza maphunziro nakhala aphunzitsi ndi ofufuza.

Funso: Kodi ndi ntchito ya amuna okha?

Yankho: Iyayi. Akazi tsopano ndiwo oposa theka la mamembala a bungwe lawo lija la National Athletic Trainers' Association, ndipo Sue Falsone, pokhala mkulu wa osamalira osewera a timu ya Los Angeles Dodgers mu 2012, anali mkazi woyamba kufika pa udindo wotere m'masewero akuluakulu a ku United States.

Funso: Nanga malipiro ake ndi okhutiritsa?

Yankho: Pano tiyenera kunena mosabisa, kuti wina asadzalire m'tsogolo. Malipiro a pakatikati ku United States mu 2023 anali pafupifupi madola 58,000 pachaka, ndalama zooneka zambiri kwa wowerengera m'makwacha, koma zochepa poyerekeza ndi za ochita mafizo a kumeneko, ndiponso poyerekeza ndi ngongole imene wophunzira amasenza pa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi za sukulu. Maola ake ndi aatali: wosamalira amafika osewera asanafike, amachoka onse atapita, ndipo Loweruka, pamene anzake ali ku maukwati, iye ali m'basi ndi timu. Ambiri amatopa nasiya asanakalambe, makamaka akayamba banja. Walira mvula walira matope. Wolowa ntchitoyi alowe akudziwa.

Funso: Kodi wachinyamata wa kuno kwathu angaitsate bwanji njira imeneyi?

Yankho: Wofuna kukaphunzira ku United States atsimikize, asanalipire khobidi lililonse, kuti maphunziro a sukuluyo ndi ovomerezedwa ndi CAATE, pakuti popanda chivomerezo chimenecho sadzaloledwa kulemba mayeso a Board of Certification. Adziwenso kuti maiko ena ali ndi ntchito zapachibale zodziwika ndi maina ena: ku Canada kuli athletic therapy, ku Britain kuli sports therapy ndi sport rehabilitation, ndipo ku South Africa kuli biokinetics, imene ogwira ake amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa. Chiphaso cha dziko lina sichilandiridwa chokha m'dziko linzake, choncho n'kwanzeru kufunsa bungwe loyang'anira ntchito zaumoyo la kumene munthu akufuna kukakhala. Ku Malawi njira yoyandikira kwambiri ndi digiri ya mafizo ya pa Kamuzu University of Health Sciences, imene munthu angawonjezerepo maphunziro a zamasewero pambuyo pake. Ndipo pamene akudikira malo, angayambe ndi maphunziro a chithandizo choyamba a Red Cross, n'kudzipereka kutumikira timu ya mpira wamiyendo kapena wamanja ya m'dera lake.