Nyumba ya Zisudzo pa Malo a Eni Ake

Munthu wokonda zisudzo akafika ku Livingstone, maso ake sachedwa kugwera pa nyumba zakale. Tauniyi inali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka, ndipo zambiri zimene zinamangidwa nthawi imeneyo zikadalipo, ndi makhonde ake aatali ndi zipupa zochindikala. Mumsewu wa Mosi-oa-Tunya muli Capitol Theatre ya mu 1931. Mashedi amene kampani ya Zambezi Sawmills inkakonzeramo sitima zake anasanduka Railway Museum. Kunja kwa tauni kulinso mashedi a m'mafamu, masitolo otsekedwa ndi nyumba za antchito zopanda zitseko. Mtima umayamba kunong'oneza kuti apa pangakhale siteji, umo mungamagone olemba ndi ojambula. Maganizo otere ndi abwino ndipo ndimawakonda. Koma ndinaona mmene anadyera penshoni ya msuweni wanga, ndipo sindifuna kuti wina adzaponde pomwepo.

Msuweni wangayo kwawo ndi ku Chipata, koma uphunzitsi unamusunga zaka zambiri ku Southern Province, komwe ankatsogolera magulu a zisudzo m'masukulu. Atapuma ntchito anafuna kutsegula nyumba ya zisudzo, ndipo anapeza famu yakale chakufupi ndi dera la Mfumu Mukuni. Panali shedi yaikulu yosungiramo chimanga ndi tinyumba tingapo ta antchito. Mwini famuyo anali atamwalira, ndipo mmodzi wa ana ake ndiye ankayang'anira. Anakambirana pansi pa mtengo. "Aphunzitsi, malowa angokhala, agwiritseni ntchito," anatero mnyamatayo. Anagwirana chanza, lendi inali yochepa, ndipo pepala silinalembedwe.

Chilonda chinayambira pamenepo, ngakhale ululu wake unamveka mochedwa. Ku Zambia malo ali pawiri: a mafumu ndi a taitulo. M'dera la Mukuni, kwa anthu achi Leya, nkhani ya malo simathera kwa mfumu yokha, chifukwa kulinso Bedyango, mayi amene amalamulira limodzi ndi mfumu ndipo mawu ake amalemera pa za nthaka ndi miyambo. Lamulo la malo la mu 1995 limalola kuti malo a mafumu asanduke a lizi, mpaka ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza. Famu ya taitulo nayo ili ndi msampha wake. Mwini wake akamwalira, amene angasayine m'malo mwake ndi yekhayo wopatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, ndipo lendi yopitirira chaka chimodzi imayenera kulembetsedwa ku ofesi ya malo kuti ikhale ndi mphamvu. Mnyamata uja sanali wachinyengo. Anangolonjeza chinthu chimene sichinali m'manja mwake yekha.

Kenaka inafika ntchito yokonza, ndipo msuweni anayambira kumene maso amaona. Anapaka penti, anakhoma siteji ya matabwa a paini, anaitanitsa magetsi a siteji ku Lusaka. Denga analiyang'ana chapansipansi n'kunena kuti likadali bwino. Mitanda yoyambirira ya shediyo inalidi ya mukusi, mtengo wolimba umene Zambezi Sawmills inkadula ku Mulobezi, ndipo chiswe chinali chitailephera. Koma pakati pake panali mitanda ina yosanjikiza pambuyo pake, ya mitengo yofewa. Mmisiri wina wachikulire wa m'mudzimo anakwera pamakwerero, n'kubaya umodzi ndi sikuludiraiva. Inalowa yonse mpaka pachigwiriro, ndipo pansi panagwa dothi lofiira losakanikirana ndi utuchi. "Aphunzitsi, uwu ndi khungwa lokha," anatero. Msuweni anayankha kuti adzakonza ndalama za matikiti zikayamba kulowa.

Zipupa nazo zinali za njerwa zomangira dothi. Khoma lotere limapuma, chinyezi chimalowa n'kutulukanso. Msuweni analipaka pulasitala wa simenti, amene amatsekera chinyezi m'kati. Mvula itagwa kawiri, pulasitala anayamba kufufuma m'munsi, ndipo ukamugogoda ndi chala ankalira ngati mulibe kanthu kuseri. Akanapaka laimu ndi mchenga, n'kukumba ngalande yochotsa madzi a padenga kutsinde kwa khoma, ndalama ikanapita yochepa. Ndipo amene akufuna kugwira nyumba yakale kwambiri adziwe kuti zomangidwa chisanafike chaka cha 1924 zimatetezedwa ndi lamulo, moti asanagumule kapena kusintha kanthu ayambe wafunsa ku National Heritage Conservation Commission.

Zonsezi zikanatheka kukonzedwa. Chimene chimandipweteka kwambiri ndi funso limene sanalifunse n'komwe, lakuti masewerowo adzaonera ndani. M'mutu mwake munali alendo. Ankawawerenga akamatsika m'mabasi ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, akamadumpha pamlatho wa mu 1905, akamabwera kudzayendera mudzi wa Mukuni n'kugula ziboliboli pamsika wa osema. Choncho masewero analembedwa m'Chingerezi, anafupikitsidwa kuti athe mgonero wa kuhotelo usanakwane, ndipo tikiti anaiyika m'madola. Anyamata a m'deralo analembedwa ganyu yovina kumayambiriro ndi kumapeto. Makolo awo sanalowemo, chifukwa mtengo wa tikiti imodzi unkagula ndiwo za masiku angapo, ndipo ngakhale akanalowa, nkhani zake sizinali zawo.

Chonsecho anthuwo si alendo pa zisudzo. Ali ndi mwambo wa Lwiindi, ali ndi ng'oma, nthano ndi nthabwala zawo m'Chitoka-Leya. M'tauni, ku Maramba, Dambwa ndi Libuyu, anthu amalankhula Chitonga, Chilozi ndi Chinyanja, ndipo sewero la pamsika limasonkhanitsa khamu m'kanthawi kochepa. Ku Zambia komweko kuli chitsanzo chimene msuweni ankachidziwa bwino. Chikwakwa Theatre ya ku University of Zambia, imene Michael Etherton ndi ophunzira ake anayambitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, inali bwalo lopanda denga, ndipo mbiri yake inakula chifukwa ophunzirawo ankanyamuka kupita m'zigawo, n'kuchita masewero m'zilankhulo za anthu amene awapeza. Ku Malawi, malo a Kungoni pa mishoni ya Mua ku Dedza anayamba mu 1976 pamene Bambo Claude Boucher anasonkhanitsa osema a m'midzi yozungulira, ndipo nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare inabwera patapita zaka zambiri. Ngakhale mu Livingstone momwemo, Wayi Wayi ya Lawrence ndi Agness Yombwe inazika mizu pophunzitsa ana a m'deralo kujambula. Konseku anthu ndiwo anayamba kubwera, ndipo nyumba zinkawonjezedwa potsatira anthuwo.

Za tinyumba ta antchito tija, timene anatisandutsa togona aluso, sindinena zambiri. Olemba ndi ojambula amene anabwera anali anthu abwino, koma ambiri analibe cholipira, popeza luso silidyetsa bwino kuno kwathu. Madzi ankatungidwa patali, ndipo usiku wina njovu zinathyola mpanda n'kumaliza dimba la ndiwo limene linkayenera kudyetsa alendowo. Amene amakhala cha kumeneko amadziwa kuti njovu zimadutsa nthawi iliyonse imene zafuna.

Mu 2019 mvula inavuta, madzi anatsika m'damu la Kariba, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku. Magetsi a siteji aja anafuna jenereta, jenereta inafuna dizilo. Mu 2020 kunabwera Covid-19, ndege zinaima, mahotela anatseka, ndipo osema a ku Mukuni anakhala ndi katundu wawo popanda wogula. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo chaka chimenecho tauni yonse inaona mmene amakamukira. Nyumba ya zisudzo imene ikanakhala ndi anthu ake a pafupi, olipira makwacha ochepa kapena mbale ya ufa, ikanapirira mpaka mliri utadutsa. Iyi inalibe woilirira. Panalibe mayi wa m'mudzi amene akananena kuti mwana wanga anaphunzirira pano, tiyeni tifolere dengali. Mvula ya kumapeto kwa chaka chimenecho inathyola mtanda uja unabayidwa ndi sikuludiraiva, ndipo malata atatu anagwera pasiteji.

Ana ena a malemu mwini famu, amene ankakhala ku Lusaka ndi ku Copperbelt, atakumana kuti agawane chuma cha bambo awo, anagwirizana zogulitsa famuyo. Msuweni anapita ndi malisiti a simenti, matabwa ndi penti, atawasunga bwino mu envelopu. Anamulandira mwaulemu, anamupatsa mpando, namufunsa ngati ali ndi kalata ya mgwirizano. Analibe. Anamupatsa mwezi umodzi kuti achotse zake, ndipo zimene zinanyamulika zinali magetsi, mipando ndi makatani. Magetsiwo anawagulitsa kwa mpingo wina pamtengo wotsika. Wogula famuyo anagwetsa shedi ija, mitanda ya mukusi n'kuicheka kukhala matebulo a malo ogona alendo. Msuweni anabwerera ku Chipata, ndipo ngongole imene anatenga yogulira jenereta akuibwezabe.