Kodi "Nthondo" ndi ulaliki chabe?

Funso: Pagulu lathu lowerenga mabuku tasemphana maganizo pa buku la "Nthondo". Ena akuti ndi ulaliki chabe, ena akuti ndi chuma cha mtundu wathu. Akulondola ndani? Mphunzitsi, Dedza.

Yankho: Aphunzitsi, mbali zonse zili ndi mfundo. Mlembi wake, Samuel Josia Nthara, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo bukuli linatuluka mu 1933, pamene ntchito yosindikiza mabuku a Chinyanja inali kwenikweni m'manja mwa amishoni. N'zosadabwitsa kuti moyo wa Nthondo, mnyamata wosamva wa m'bukuli, ukuthera pa kutembenuka mtima.

Koma musaweruze buku ndi mathero okha. Onani momwe Nthara akufotokozera kubadwa kwa mwana, maliro, milandu ya pabwalo ndi ufumu. Analemba monga mwini mudzi wodziwa miyambo ya Achewa, osati mlendo wongoonerera. Luso lake linapatsa bukuli mphoto pa mpikisano wa mabuku a zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934.

Mukakumananso, werenganinso mitu ya ubwana wa Nthondo mokweza, kenaka mufunsane: ndi miyambo iti imene Nthara akuilemekeza, nanga akuidzudzula ndi iti?