Phunziro 14: Pamalo pomanga nyumba

Nkhondo inatha mu 1992. Anthu ambiri a ku Angónia anali atathawira ku Malawi. Mu 1993 ndi 1994 anabwerera kwawo. Ena anapeza nyumba zawo zitagwa. Anaumba njerwa, namanganso. Mpaka lero amisiri akumanga nyumba ndi masitolo ku Ulongwe.

Kumanga ndi nchito yabwino, koma ili ndi ngozi zake.

Onani mmisiri ali pamwamba. Waima pa thabwa. Thabwa likakhala lofumbwa, limathyoka. Pokwera makwerero, mnzake amagwira pansi kuti asaterereke. Njerwa imodzi ikapulumuka m'manja, imagwera amene ali pansi. N'cifukwa cake mmisiri wanzeru amavala cipewa colimba ndi jombo. Kodi iwe uli naco cipewa cotere? Ulibe. Tsono usaime pansi pa khoma limene akumanga.

Simenti yonyowa imaocha khungu. Si matope oumbira ng'ombe ayi! Ikalowa m'maso, samba ndi madzi ambiri, ndipo uza akulu. Msomali ukakubaya, usabise poopa kukalipiridwa. Tsuka bala ndi sopo, upite ku cipatala tsiku lomwelo. Dothi lolowa m'bala limadzetsa kafumbata.

Koma coopsa kwambiri kwa ana ndi dzenje. Oumba njerwa amakumba dothi, nasiya maenje akuya. M'cilimwe dzenje limaoneka bwino. Mvula ikagwa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, limadzaza madzi ofiira. Pansi pake sipaoneka. M'mbali mwake mumaterera. Mwana amayesa ndi cithaphwi cosewereramo, pomwe ndi pakuya kuposa msinkhu wake. Mnzako akagweramo, usadumphiremo. Fuula kwambiri, uitane akulu. Ngati pali ndodo yaitali, gona pansi umupatse agwire.

Kwa makolo

Ngozi zambiri zimabwera ndi cangu. Mwini nyumba amafuna denga lithe mvula isanagwe. Amisiri amathamanga, amatopa, ena amagwira nchito ndi njala. Wina amakwera pamwamba atalawa mowa. Zikatero phazi limaphonya. Mwini nyumba ndiye woyamba kunena kuti, "Bambo, tsikani, mukwera mawa." Musatume mwana kukapereka njerwa kwa mmisiri ali pamwamba. Mukatha kuumba, kwirirani dzenje. Ngati simungathe, chingani ndi minga. Madzi a m'dzenjemo amaswetsanso udzudzu.

Tiwerenge

nja nje nji njo nju
njerwa, njira, njala, njoka

Mafunso

1. Kodi mmisiri amavala ciyani kumutu?
2. Kodi msomali ukakubaya, ucite ciyani?
3. Kodi pa njira yako yopita ku sukulu pali dzenje la njerwa? Lili pati? Auze aphunzitsi mawa.