Cimfine ndi Mwana Wakhanda

Ana inu, nonse mucidziwa cimfine. Mphuno zicuca mamina, pakhosi pawawa, ndipo munthu ayetsemula ndi kutsokomola. Ambiri amati mphepo yozizira ndiyo ibala nthendayi. Koma cimene ciibala ndico kacirombo kochedwa vairasi, kakang'onong'ono ndithu, kosaoneka ndi maso.

Mavairasi a cimfine ali a mitundu yoposa 200. Mtundu wina uchedwa RSV. Anthu ophunzira anaupeza ku America m'caka ca 1956, m'mphuno za anyani akuru ochedwa chimpanzee, naupezanso mwa ana m'caka ca 1957. Pafupifupi ana onse agwidwa nao asanakwanitse zaka 2.

Wodwala akayetsemula, timadontho ta malobvu tiuluka, ndipo amene ali pafupi atipumira m'kati. Kaciromboka katsalanso pa cikho kapena pa citseko maora angapo. Wina akhudzapo, nadzigwira m'maso kapena pamphuno, nakalowetsa m'thupi mwace.

Kwa inu a sukulu nthendayi ndi cimfine cabe, cimene citha pa sabata limodzi kapena awiri. Koma kwa khanda iri yoopsya, pakuti tinjira ta mpweya m'mapapo mwace tiri topapatiza. Tikatupa ndi kudzala mamina, mwanayo abvutika kupuma ndi kuyamwa.

Cifukwa cace, mukadwala cimfine musambereke mng'ono wanu wakhanda, kapena kumpsompsona, kufikira mutacira. Sambani m'manja ndi sopo musanamkhudze. Potsokomola tsekani pakamwa ndi kansaru. Musamkhazike mu utsi wa kumoto. Penisilini ndi mankhwala ena a mtundu wace sapha vairasi. Thupi ligonjetsa lokha nthendayi, makamaka mwana akayamwa kawirikawiri.

Koma penyetsetsani. Khanda likapuma mofulumira, pansi pa nthiti zace pakalowa m'kati pokoka mpweya, kapena likakana bere, cimeneco cingakhale cibayo. Uzani amai anu msanga, kuti apite nalo kucipatala tsiku lomwelo. Musaope kunena poti ndinu ana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mafunso

1. Cimene cibala cimfine nciani?
2. Kaciromboka kacoka bwanji kwa wodwala kunka kwa mnzace?
3. Cifukwa ninji RSV iri yoopsya kwa khanda koposa kwa inu?
4. Chulani zizindikiro zitatu zoti mwana apite nazo kucipatala.