Belo Si Kuthetsa Mlandu: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje

Kabukuka talemba chifukwa cha dandaulo limene timalimva kawirikawiri m'midzi ya m'chigwa cha Shire: "Tinamugwira ndi ng'ombe dzana, lero wabwera kale kumudzi."

1. Kodi kukhothi kumakhala ndani?

Wodandaula ndi amene walakwiridwa. Woimbidwa mlandu ndi amene akuganiziridwa. Mboni imanena zimene inaona kapena kumva. Woimira boma amapereka umboni, majisitireti amaweruza.

2. Nanga rimandi n'chiyani?

Ndi kusungidwa kundende mlandu usanathe. Munthu wa pa rimandi sanapezeke wolakwa.

3. Kodi belo n'chiyani?

Ndi kutulutsidwa kuti uzidikira mlandu uli kunyumba, utalonjeza kufika kukhothi tsiku lililonse limene waitanidwa. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotulutsidwa kupatula ngati kutero kungasokoneze chilungamo. Khothi limaona kukula kwa mlandu, ngati munthuyo angaopseze mboni, ndiponso ngati angathawe. Kuno malire a Mozambique ali pafupi, monga ku Marka, choncho woweruza angafunse za abale odziwika komanso malo okhazikika.

4. Kodi belo amalipira?

Belo ya kupolisi ndi yaulere. Ya kukhothi imatengera chigamulo cha woweruza: nthawi zina amalamula ndalama ya chikole, nthawi zina amangofuna achibale oti alonjeze kuti munthuyo sathawa. Kuchuluka kwa ndalama kumasiyana malinga ndi mlandu. Mukapereka, tengani lisiti la boma ndipo mulisunge, pakuti ndalamayo ingathe kubwezedwa mlandu ukatha ngati malamulo a belo anatsatidwa.

5. Wakuba watuluka. Si ziphuphu zimenezi?

Kutuluka pakokha si umboni wa ziphuphu. Mlandu ukadalipo, ndipo inu odandaula mukufunikabe. Milandu yambiri imafa chifukwa mboni zaleka kubwera, zitaganiza kuti zonse zatha. Funsani tsiku la mlandu kwa wapolisi wofufuza kapena kwa kalaliki wa khothi, kaya ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu kapena ku Nsanje. Ngati wina wakupemphanidi ndalama zapambali, kadandauleni ku Anti-Corruption Bureau.

6. Ndili pa belo koma madzi osefukira atseka njira. Nditani?

Tumizani uthenga kupolisi kapena kukhothi mwamsanga. Kungokhala chete kungachititse kuti mumangidwenso, ndipo amene anakulonjezerani angataye chikole chawo. Kulandira kapena kukana chifukwa chanu kuli m'manja mwa woweruza.

7. Ndilibe ndalama za loya.

Pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa. Milandu yakupha imazengedwa ku Khothi Lalikulu, ndipo belo yake imapemphedwa komweko.

8. Komabe, bwanji tingothana naye tokha poti apolisi amangomutulutsa?

Tanena kale: belo si kuthetsa mlandu. Kumenya kapena kuwotcha woganiziridwa ndi mlandu waukulu, ndipo munthuyo akafa, onse amene anatengapo mbali angayankhe mlandu wakupha. Ngati wotulukayo akukuopsezani, kanenenitu kupolisi. Khothi lingathe kumulanda belo.