Chimene Chimachitika Tikalemba Mawu M'kabokosi Kofufuzira

Tonsefe tinakhalapo pa kompyuta ya ku laibulale tikusaka buku la asainimenti. Timalemba mawu m'kabokosi, timadina, ndipo mndandanda wa mabuku umabwera. Ambirife timaganiza kuti tsambalo linalipo kale, limangotidikira. Si choncho. Limapangidwa nthawi yomweyo, kuchokera pa funso limene pulogalamu yafunsa database m'malo mwathu.

Database tiziiona ngati rejisitala ya m'kalasi. Mzere uliwonse ndi buku limodzi, ndipo madanga ake ndi mutu, wolemba, chaka ndi phunziro. Njira yosungira zinthu m'matebulo otere anaifotokoza Edgar F. Codd wa kampani ya IBM mu 1970, ndipo patapita zaka zochepa anzake awiri a pakampani yomweyo, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anakonza chilankhulo chimene lero tikuchitcha SQL. Tikalemba mawu akuti ulimi, funso lopita ku database limakhala lonkera kotere:

SELECT mutu, wolemba FROM mabuku WHERE mutu LIKE '%ulimi%' ORDER BY chaka DESC LIMIT 10;

SELECT akusankha madanga oti aoneke. FROM akutchula tebulo. Sefa yeniyeni ndi WHERE: mzere umene wakwaniritsa lamulo umadutsa, wina wonse umatsalira ngati misere pa sefa ya ufa. Zizindikiro za % zikutanthauza kuti mawuwo angakhale paliponse m'mutu wa bukulo. ORDER BY akuika mabuku atsopano pamwamba, ndipo LIMIT 10 ndi chifukwa chake timaona khumi okha. Tikadina tsamba lachitatu, funso lomwelo limafunsidwanso, koma litawonjezeredwa OFFSET 20, kutanthauza kuti mizere 20 yoyambirira idumphidwe.

Mpaka apa palibe chovuta. Vuto limayamba pamene sefa yatsekereza zimene timafuna, ife osadziwa. Tiyerekeze kuti tasankha mabuku otuluka 2010 itadutsa. Buku limene wolembera anaiwala kuikapo chaka silidzaoneka. Tikatembenuza n'kufunsa mabuku a 2010 kubwerera m'mbuyo, silidzaonekanso, chifukwa danga lopanda kanthu, lotchedwa NULL, database siliwerenga ngati lalikulu kapena laling'ono kuposa nambala iliyonse. Bukulo lili pa shelefu, koma kompyuta ikuti palibe. N'chimodzimodzi tikamachulutsa zosankha: pulogalamu kawirikawiri imazilumikiza ndi AND, ndiye chosankha chilichonse chimachepetsa mabowo a sefa.

Palinso mavuto awiri amene amakhudza ifeyo makamaka. Loyamba ndi chilembo cha ŵ. Ma database ena amaona Malaŵi ndi Malawi ngati mawu amodzi, ena ayi, malingana ndi mmene anawatcherera. Lachiwiri ndi lalikulu: kachizindikiro ka pamwamba kamene kali m'mawu monga ng'ombe, ng'oma ndi m'mudzi. Tionenso funso lija. SQL imagwiritsa ntchito kachizindikiro komweka posonyeza poyambira ndi pothera mawu ofufuzidwa. Ngati wokonza webusaiti anangomata zimene talemba m'kati mwa funsolo, database ikafika pa ng' imaganiza kuti mawu athera pomwepo, ndipo ombe wotsalayo imayesa kumuwerenga ngati lamulo. Tsamba limabwera ndi uthenga wa vuto, kapena lopanda kanthu.

Zingaoneke zoseketsa kuti ng'ombe igwetse webusaiti, koma khomo limene ng'ombeyo yalowera ndi lomwenso akuba amalowera. Munthu wodziwa amalemba kachizindikiro kaja dala, n'kutsatiza malamulo akeake, database n'kumupatsa zinthu zimene sanayenere kuona. Zimenezi zimatchedwa SQL injection. Mu 2015 kampani ya matelefoni ya TalkTalk ku Britain inaberedwa mwa njira imeneyi zinsinsi za makasitomala oposa 150,000, ndipo chaka chotsatira inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000. Mankhwala ake ndi odziwika kalekale: funso lizipita palokha, mawu a wofufuza azipita paokha, kudzera mu zimene okonza mapulogalamu amati prepared statements. Zikatero ng'ombe imakhalabe ng'ombe.

Ife ophunzira zauphunzitsi mwina sitidzalembapo SQL, koma tidzasunga mayina ndi malikisi a ana, ndipo sukulu zikuchoka pang'onopang'ono ku mabuku kupita ku makompyuta. Mwana wa mfunda wa Ng'oma akasowa pa mndandanda wa olemba mayeso, wofunsidwa ndi makolo tidzakhala ife, osati amene anakonza pulogalamuyo. Choncho sukulu ikadzatipatsa pulogalamu yatsopano kuti tiyese, tidzayambe ndi dzina lokhala ndi ng', kenako lokhala ndi ŵ. Tidzalembetsenso mwana mmodzi wongopeka osaika tsiku lake lobadwa, kenako tidzasefe kalasiyo potengera zaka n'kuwerenga ngati ana akwana.